Dokotala wa Shuga Wapezeka ndi Shuga

Aphungu,

Ndine dokotala pachipatala chachikulu, ndipo imvi zandimerera ndikuthandiza odwala matenda a shuga. Masiku ena ndimaona odwala, masiku ena ndimatsogolera kafukufuku wa mankhwala atsopano. Odwala anandipatsa dzina loti Mayi Chepetsani, chifukwa aliyense wolowa m'chipinda mwanga amatuluka atauzidwa kuti achepetse kenakake.

Mwezi wathawu ndinayamba kumva ludzu losatha. Kukayezetsa, shuga yemweyo! Amuna anga anaseka mpaka misozi, kenako anabisa mabisiketi onse m'nyumba. Kuntchito sindinauze munthu. Poyeza shuga wanga, ndimakadzibaya chala m'kachipinda kosungira mafayilo, chitseko chili chotseka, ngati wakuba.

Tsiku lina ndikupima mapazi a bambo ena, atelala amene ndakhala ndikulimbana nawo pa nkhani ya tiyi wotsekemera, iwo anayang'anitsitsa dzanja langa. "Adokotala, timabala ta pazala zanuto ndikutidziwa," ananong'ona akumwetulira. "Takulandirani. Pabenchi pathu malo alipo."

Ndinasowa poyang'ana. Tsopano akuluakulu a chipatala akufuna munthu woti azingochita kafukufuku, osaonanso odwala, ndipo andifunsa ine. Kafukufuku ndimamukonda, koma ndikudzikayikira. Kodi ntchitoyi ndikuifunadi, kapena ndikungothawa maso a anthu? Nanga odwala angamverebe dokotala amene walephera kudziteteza yekha?

Dr. T.N.

Adokotala,

Pepani ndi matendawo, koma tulukanimo m'kachipindako, simunabe kanthu. Ndi anthu angati amene inu nomwe mwawauza kuti shuga si chilango? Mawu amenewo lero ndi anu.

Pezani dokotala mnzanu woti azikuonani, ndipo mankhwala musamadzilembere nokha. Uzaninso namwino amene mumagwira naye ntchito, kuti shuga akatsika muli pakati pa odwala, adziwe chochita. Simukukakamizidwa kuuza chipatala chonse, koma musanamize wokufunsani.

Atelala aja sanakunyozeni ayi. Akondwa kuti tsopano mukudziwa kuwawa kwa tiyi wopanda shuga. Mukadzanenanso kuti "chepetsani", adzadziwa kuti inunso kwanu mukuchepetsa, ndipo adzakumverani kuposa kale.

Za ntchito yatsopanoyo, pemphani akuluakulu akupatseni kanthawi. Musasankhe manyazi akadali m'maso. Gwirani kaye ntchito miyezi ingapo osabisala. Mukaona kuti mtima ukukokerabe ku kafukufuku, pitani mokondwa, chifukwa odwala a mawa akudikira mankhwala amenewo. Mukaona kuti mwawasowa anthu anuwa musanachoke n'komwe, funsani ngati mungasiyeko tsiku limodzi pa sabata loona odwala.

Koma chenjerani: madokotala mumavuta mukadwala. Kudziwa matenda si kuchira, ndipo shuga saopa jekete loyera. Tsiku lanu lokaonana ndi dokotala likakwana, pitani. Akakuuzani kuti vulani nsapato, vulani osatsutsa.

Phungu wanu