Chipinda cha kwa ba Goliati

3 Novembala 1958, Matero, Lusaka

Ntchito ya a Petros, bambo a Obed, yatha. Mzungu wa galaja akuti anthu achuluka. Ine ndimayesa yatha ntchito yokha. Ayi, ndi nyumba yomwe. Kalaliki wa komboni anabwera masana, akuti nyumba za kuno zimayendera ntchito, ntchito ikatha kiyi abwerere ku ofesi. Chaka chonse ndikukolopa, kubzala mpiru kuseri, kumati kwathu. Pochoka ku Ntcheu palibe anandiuza. Iwo ankadziwa. Akuti sankafuna kundidandaulitsa.

8 Novembala

Miyendo yatupa. Ku Kalingalinga wapansi kukafuna chipinda, Obed kumsana. Khomo lililonse funso lomwelo, ndinu akuti. Tikangotsegula pakamwa mtengo wakwera. Mayi wina osatipatsa ndi mpando womwe: "Imwe ba Nyasalande mukangena babili, mailo muli khumi." Ndiye kuti tikalowa awiri, mawa tili khumi. Bambo a Obed anaseka nawo. Kuseka kwa munthu wopempha. Ndinayang'ana kumbali.

13 Novembala, Kanyama

Tasamuka. Chipinda chimodzi, njerwa zosawotcha, denga la migolo yophwanya, miyala pamwamba kuti mphepo isanyamule. Mwini wake ba Goliati, munthu wamfupi, chipewa sachivula. Anapangana ndi bambo a Obed awiriwiri pansi pa mtengo, ine chapatali ndi mwana, monga mwa ulemu. Atatha anandikodola: "Mayo, apa ni pabwino maningi, mvula siingena." Tebulo lalowa. Bedi anakana kulowa, tagulitsa.

16 Novembala

Woyandikana naye ndi ba Magdalene, a ku Fort Jameson. Amaphika mowa. Ndimati ndisawazolowere. Abwera okha ndi mchere pang'ono, n'kuyima pakhomo kuyang'ana khoma mmunsi. Anagwirapo ndi chala, dothi n'kuyoyoka. "Nyumba sibaifuna dzuwa ili kuwala, mwana wanga. Baifuna mvula ili kugwa." Tikanadikira mvulayo tili kuti?

9 Disembala

Ba Goliati sananame. Mvula siilowera kudenga. Imatulukira pansi. Kuno pansi ndi mwala wokhawokha, madzi alibe kopita. Mphasa yanyowa, ufa wanyowa. Chimbudzi cha kuseri chadzaza, chasefukira pabwalo, ana akupondamo. Obed ndamugoneka patebulo, ine kumugwira mwendo kuti asagwe. Fungo. Ndilibe mawu ake.

21 Disembala

Bambo a Obed apita. Ku Kitwe, kumigodi, akuti kumeneko akulemba anthu. Ndinawaperekeza kusiteshoni. Anandisiyira za lendi ya mwezi uno ndi jekete lawo lakale. Akuti akangopeza nyumba atumiza mawu. Obed sanalire. Analira titafika kunyumba, ataona kuti njinga palibe. Njingayo anagulitsa kuti apeze ya sitima.

Khirisimasi

Kutchalitchi. Nyimbo zomwezo za kwathu. Sindinathe kuyimba.

11 Januwale 1959

Ku Kitwe zii. Ndikuchapa zovala za akalaliki awiri osakwatira. Sizikuuma ndi mvulayi, mmodzi wakana kulipira, akuti zikununkha chinyezi. Obed watsegula m'mimba. Kuchipatala akuti madzi a pachitsime ndiziwiritsa. Makala ake ati?

19 Januwale

Ndagulitsa bulangete ndi poto wamkulu, lendi yakwana. Ndinapita nayo nditagwada. Ba Goliati manja kumbuyo. "Nenze napangana na bamuna banu. Mukazi yeka sinisunga, avuta." Ndinati ndine wokwatiwa, ukwati wa mu tchalitchi. Anati, "Bali kuti?" Ba Magdalene akuti bodza, apeza mnyamata wa kunjanji wolipira zambiri. Ndikadandaule kwa yani? Malo ano ndi a mwini famu, boma limati kuno kulibe nyumba. Mboni palibe. Unali mtengo wokha uja.

23 Januwale

Ba Goliati achotsa chitseko. Anabwera m'mawa ndi nyundo, moni anapereka ndithu, n'kuzula mahinjesi, n'kuchisenza pamutu. Akuti chitseko n'chawo. Anthu kuima kumaonerera, Obed kuwomba m'manja, kuyesa masewera. Ndapachika chiguduli. Wodutsa aliyense amaona miyendo yanga. Madzulo ano woledzera wina anasuzumira, n'kufunsa mtengo.

26 Januwale

Ndilembe, mwina ndidzauza wina wochokera kwathu, ngati adzamve.

Asakhulupirire nyumba ya ntchito, si yake. Pofuna chipinda atenge munthu wa kuno kuti ndiye azilankhula, iye atseke pakamwa mpaka mtengo utchulidwe. Ayang'ane khoma mmunsi, osati denga. Afunse woyandikana naye, asafunse mwini. Aone pamene pali chimbudzi ndi pamene pali chitsime, ndi komwe kwatsetsereka. Ndipo mkazi asaime patali amuna akamapangana. Ulemu umenewo ndi umene wandichotsera chitseko. Akhale pomwepo, dzina lake litchulidwe, pakhale ndi mkulu wa mpingo womva.

Kapena angokhala kwawo. Koma kwawoko msonkho adzalipira ndi chiyani? Ifenso sitinabwere chifukwa chokonda Lusaka.

2 Febuluwale

Ndatuluka ndekha asanandiponyere katundu m'matope. Ba Magdalene andipatsa pangodya, kuseri kwa migolo. Lendi yake ndi manja anga: kutunga, kusefa, kutakasa. Ine wa Chigwirizano cha amayi. Bulauzi yoyera ndaipinda pansi penipeni pa sutikesi. Iwo akuti, "Mulungu aziba kuti mwana afunika kudya." Obed wayamba kudya phala. Pano pouma, ndisaname.

Mnyamata wa kunjanji walowa kale m'chipinda chija. Chitseko chabwerera.

15 Febuluwale

Ndimati sindilemba. Ndilembe basi.

Kwabwera a Abraham, a kwathu ku Ntcheu, oyendetsa lole ya ku migodi. Anandipeza ndi mthiko wa mowa m'manja. Anavula chipewa, kukhala, kufunsa za mwana, za mvula, za chimanga cha kumudzi. Ine ndikudziwa kuti ali ndi mawu. Ndinati nenani, achimwene.

Bambo a Obed awaona. Ali bwino, anenepa. Ntchito anaipeza sabata yoyamba yomwe. Kumigodi osakwatira amagona ambiri chipinda chimodzi, nyumba amapatsa wa mkazi yekha. Ndiye anapeza mkazi wa komweko, n'kupita naye ku ofesi, n'kumulembetsa. A Abraham anafika pakhomopo, mkaziyo n'kuwalandira. Atamufunsa dzina, anati, "Ndine Dyness."

Dzina langa.

Akuti bambo a Obed anawagwira dzanja powaperekeza: "Mukamuuze apirire, n'zongopezera nyumba." Koma mkaziyo ndi woyembekezera, a Abraham anamva kwa akazi oyandikana nawo.

Sindinalire. Ba Magdalene ndiwo anatukwana, mpaka amuna akumwa panja anakhala chete. Ine ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti nyumbayo ndi yotani. Zipinda ziwiri, akuti. Simenti pansi. Mpope pabwalo.

Ndinafunsanso ngati madzi amalowa.

Akuti salowa.