Maso a Malume ndi Kompyuta ya ku Ofesi ya Nsomba

Senga Bay, Salima
Okutobala, 1991

Okondedwa achimwene a Lawson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Limbe, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi Mayeso chifuwa chija chinamusiya? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la mwezi uno mukulidziwa. Amayi ndinawaona ku Khombedza sabata yatha. Mwendo ukuwavutabe, koma ayamba kale kusosa. Kalatayi ndapatsira anzanu a gadi a sitima aja, chifukwa ndikufuna ifike m'manja mwanu mosachedwa, komanso isadutse m'manja ambiri.

Munandifunsa kuti makina amene abwera ku ofesi kwathu ndi otani. Ndikufotokozerani bwinobwino, popeza nkhani imene ndikulemberayi yachokera pomwepo.

Mukudziwa kuti ife timalandira mapepala ochokera kwa alembi a m'madoko, ku Lifuwu, ku Chikombe, ku Kambiri mpaka ku Chipoka. Mlembi amalemba bwato, mtundu wa ukonde, mtundu wa nsomba ndi kulemera kwake. Kuyambira kale mapepalawo ankafikira pa tebulo la malume a Masiye, iwo n'kumawonkhetsa ndi makina awo opukusa aja, ine n'kumataipa lipoti. Lipoti la mwezi umodzi linkatidyera mwezi wathunthu.

Ndiye mu Juni kunabwera kompyuta. Anaipatsa chipinda chakechake, amaifunditsa nsalu kuopa fumbi, ndipo polowamo timavula nsapato. Bwana wathu, a Abbas, amene anaiphunzira kunja, anasankha ine poti ndimadziwa kale kutaipa.

Achimwene, chinthuchi chandigwira mtima. Mukachiyatsa, pagalasi pamabwera timabokosi tambirimbiri, mizere yotsika ndi yopingasa, ngati minda ya mpunga ya ku Lifuwu. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake. Mukhoza kuikamo nambala, kapena mawu, kapena lamulo limene amati fomula. Mukauza kabokosi kapansi kuti kawonkhetse tonse tapamwamba, kamatero musanaphethire. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mukasintha nambala imodzi pamwamba, yankho la pansi limasintha lokha popanda woliuza. Tsiku loyamba ndinangokhalira kusintha nambala imodzimodziyo kuti ndione ngati lingatope.

Komatu n'chopusanso. Mlembi wa ku Lifuwu amalemba kuti mcheni, wa ku Chikombe ncheni, ndipo kompyuta inawerenga ngati nsomba ziwiri zosiyana. Kampango ndi kampangu chimodzimodzi. Panalinso usipa wina umene unkakana kusakanikirana ndi unzake, ine osaona kusiyana kwake. Ndinalimbana nawo mpaka ndinapeza kuti kumapeto kwa liwulo ndinagunda batani la mpata, kampata kosaoneka ndi maso. A Abbas amati ntchito imeneyi ndi kuchapa manambala. Mumasanja mayina onse motsata alifabeti, olakwika aja n'kuonekera okha ngati timiyala mu mpunga, inu n'kumatola.

China chimene sindinkachiganizira n'chakuti kabokosi ka ziro ndi kabokosi kopanda kanthu si chimodzi. Ziro ndiye kuti msodzi anapita panyanja n'kubwerako chimanjamanja. Kopanda kanthu ndiye kuti kunali mwera, sanapite n'komwe. Mukazisakaniza, avereji imanama. Masiku ano ndikamadutsa padoko n'kuona bwato lili pamtunda, ndimadzifunsa kuti kodi limeneli lero ndi ziro kapena ndi lopanda kanthu.

Tsopano mverani pamene zinakhotera. M'buku la makinawo ndinawerenga kuti mukhoza kulemba malamulo onse motsatana kamodzi kokha, lokonza mayina, losanja, lowonkhetsa ndi losindikiza, ndiye mwezi uliwonse mumangodina mabatani awiri zonse n'kuchitika zokha. Amati makoro. Palibe anandituma. Ndinkangofuna kuona ngati n'zoona. Ndinkayesa nthawi ya nkhomaliro, zikakanika n'kuyambiranso. Tsiku lina amayi anzanga akupita kokayeserera magule a chipani ndinanamizira mutu n'kutsalira pamakinapo. Zimenezi musauze munthu. Mwezi watha zinatheka. Lipoti la Ogasiti linatuluka dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndinathamangira nalo kwa a Abbas ndikumwetulira ngati mwana. Iwo anasangalala n'kulitumiza ku likulu, ndipo ku likulu anasangalalanso. Pasanapite nthawi kunabwera yankho lakuti ofesi yathu sikufunikanso mlembi wowonkhetsa. Malume asankhe, apume pantchito chaka chikamatha, kapena aphunzire makinawo kuti azilowetsa manambala a zaka zam'mbuyo, amene adzaza kabati yonse.

Achimwene, malume omwewa ndi amene anandisunga pakhomo pawo bambo atamwalira, n'kundipezera malo pa ofesi imeneyi. Akazi awo, amake Gladys, anasiya kuyankha moni wanga. Anakauza amayi kuti mwana wanu tamulera kuti adzatichotse chakudya pakamwa. Amayi sanandikalipire. Anangondifunsa ngati makinawo sangabwezedwe kumene anachokera, ndipo funso limenelo linandiwawa kuposa kukalipa.

Malume okha ndi amene sanakwiye. Anabwera ku chipinda cha kompyuta, anavula nsapato pakhomo, n'kunena kuti akufuna aone chimene chawaposa. Nditawauza kuti dzina lake ndi makoro anaseka mpaka kutsokomola, ati ndiye kuti makolo athu analowa m'bokosi n'kuyamba ntchito ya boma. Kenaka anayamba kundifunsa mafunso amene ine sindinadzifunsepo. Ankafuna kudziwa kumene manambala amagona makina akazimitsidwa, mmene fomula imadziwira kuti mzere watha, ndiponso kuti ikalakwitsa amakalipiridwa ndani. Ndinawapatsa disiketi yosungiramo manambalawo, anaitembenuzatembenuza m'manja n'kumadabwa kupepuka kwake. Pomaliza anati aphunzira, munthu sangapite kumudzi chinthu chosangalatsa chitangofika kumene.

Ndinawakhazika pampando n'kuwauza kuti apititse kachizindikiro kowala pa kabokosi koyamba. Anayang'ana, anayang'ana, n'kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Ndinaganiza kuti kuwala kwa pawindo kukuwathobwa m'maso, ndiye ndinatseka katani. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu:

"Molly, mwana wa mlongo wanga, kowalako kali mbali iti? Ine ndikungoona nkhungu yobiriwira."

Nditawayang'anitsitsa pafupi ndinaona kuti m'diso lakumanja muli choyera ngati mkaka, ndipo lakumanzere nalonso layamba. Ng'ala, achimwene. Tonsefe timaonana nawo tsiku ndi tsiku, koma palibe anazindikira. Anandiuza kuti zinayamba dzinja la chaka chatha, ndipo pepala akhala akuliwerengera pawindo atatsinzina diso limodzi. Sanauze ngakhale akazi awo. Amaopa kuti akapita kuchipatala akawakolowola diso n'kubwerako ndi ndodo, monga amakambira anthu kumudzi.

Ndinakafunsa anamwino a pachipatala chathu kuno popanda kutchula dzina. Anati ng'ala imachotsedwa ku Nkhoma, ndipo ambiri amabwerako akuona, atangovala magalasi. Anatinso munthu asachedwe nayo. Nditawauza malume anakana kwamtuwagalu, ati mwana wa dzulodzuloli asawaphunzitse za mpeni. Koma atakhala pang'ono anawonjezera kuti akanakhala Lawson wanena zimenezi bwenzi aganizira, poti inu munachitidwapo opaleshoni ya m'mimba ija n'kudzuka bwinobwino. Sindikudziwa ngati ankangonena, kapena ankandituma mozungulira kuti ndikulembereni.

Pakadali pano tikugwira chonchi. Iwo amakhala pawindo n'kumawerenga mokweza mapepala akale, pang'onopang'ono, ine n'kumalowetsa. Madzulo tisanaweruke ndimawapatsa mpando. Ndinamata tizidutswa ta pulasitala pa mabatani ofunikira kuti aziwapeza ndi zala. Dzulo analemba fomula yawo yoyamba, ine ndikuwawerengera zimene zikutuluka pagalasi. Makina anakana chifukwa anaiwala kutseka bulaketi. Mukanawaona mmene anasangalalira ndi kukanako. Ati aka n'koyamba pa ofesi ino kupeza chinthu chosanyengerera munthu wamkulu. Anabwerezanso mpaka inavomera, ndipo popita kunyumba ankayenda akuinong'ona pakamwa ngati phunziro la kalasi ya ubatizo.

A Abbas akudziwa zonse tsopano, poti malume anawaululira okha, ndipo atichitira chifundo. Koma anandiuza mosabisa kuti pofika Januwale ku likulu akufuna dzina la munthu amene angakhale yekha pamakinapo. Munthu wosaona galasi sangamulembe.

Ndikuululireni chinthu chimodzi chimene sindingauze amayi. Ndayesa kudandaula kuti ndinapanga makoro aja, koma mtima ukukana. Atati andibweze m'mbuyo ndikanapanganso, mwina mofulumira kuposa poyamba. Ngakhale pano ndikulemba kalatayi mutu uli pa chithunzi cha mizere chimene ndikufuna kupanga, choonetsa mmene chambo chakhala chikugwidwira chaka ndi chaka, poti asodzi akuti chachepa ndipo ndikufuna ndione ngati manambala akuvomereza. Kodi ndine woipa mtima, achimwene? Ndimawakonda malume, ndimaikondanso ntchitoyi, ndipo sindinkadziwa kuti ziwirizi zidzawombana.

Pempho langa ndi ili. Pemphani tchuthi mvula isanayambe, msewu wa ku Nkhoma usanaterere. Kwerani sitima mudzawatenge nokha, chifukwa mukangolemba kalata adzaipinda n'kuiika m'thumba. Mudzayambe mwacheza ndi amake Gladys, chifukwa nawonso sakudziwa za masowa, ndipo si bwino adzamve kwa anthu apadera. Kwa ine sangamvetsere, koma inu amakupatsani ulemu. Amayi ndikawauza ndekha Lamulungu likubwerali.

Malume anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu za maso awo. Lumbirolo ndaliswa ndi kalata ino, ndipo musadzawabisire. Mudzawauze ndithu kuti Molly ndiye waulula. Ngati n'kundikwiyira, adzandikwiyire akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti usipa wouma ndatumiza pamodzi ndi kalatayi ndi wawo. Mayeso ndi ang'ono ake muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Anzanu a padoko amakufunsani nthawi zonse. Yankho mupatsire a gadi omwewa, ndidzakhala ndikudikira pa siteshoni.

Mulungu akusungeni inu ndi banja lonse, ndipo akupatseni ulendo wabwino pobwera.

Ndine mlongo wanu,
Molly