Tiyi wa m'Ketulo ya Khofi

6 Malichi 1775, Lolemba

Chisanu. Madzi aundana m'ndowa. Masiku asanu chiletsereni tiyi, mpaka a ku London atachotsa msonkho wawo. Panganolo ndinasaina nawo. Amuna anga a Eliakim ali m'komiti ya tauni, ndikadakana bwanji? Tikumwa masamba a m'tchire owiritsa, ati tiyi wa ufulu. Ufuluwo kukoma kwake ngati madzi otsukira mphika.

Masana kwa achemwali anga a Keziah. Anatseka zenera, n'kutereka ketulo ya khofi. Fungo lokha ndinadziwa kuti ndi tiyi. "Iwe Mehitable, usandiyang'ane ngati abusa. Ketuloyi ndi ya khofi. Wokayika akaifunse." Makapu awiri. Yachiwiriyo ndinachita kupempha ndekha.

9 Malichi, Lachinayi

Kopota ulusi kwa abusa. Amayi makumi awiri, njinga zopotera kulira tsiku lonse, kuti tisagulenso nsalu ya ku Mangalande. Mayi Hatch kudandaula mutu chisiyireni tiyi. Ine pofuna kuseketsa anthu: "Kamweni khofi wa achemwali anga, mutu wa mtundu umenewo amachiza." Atatu anaseka. Mayi Hatch ayi. Anangoimitsa njinga yawo.

Pakamwa pangapa.

14 Malichi, Lachiwiri

Komiti yakafufuza kwa achemwali. Apeza chitini cha tiyi pansi pa ufa, n'kukachitentha pabwalo anthu akuwomba m'manja. Alamu anga a Obadiah akana kupepesa. Akuti anati: "Msonkhowo ndimadana nawo ngati inu nomwe. Koma Mfumu ya ku Mangalande sinalowepo m'khitchini mwanga kudzanunkhiza ketulo."

Pa chakudya a Eliakim: "Mayi, za khofi ameneyu munadziwa bwanji?" Ndati fungo, podutsa panjira. Chonsecho zenera lija linali lotseka. Sanafunsenso.

16 Malichi, Lachinayi

Mlandu m'nyumba ya misonkhano. Ine benchi lachitatu. Anawafunsa achemwali kuti amamwa ndi ndani. "Ndekha. Mng'ono wanga ndi munthu wa ufulu, zoterezi sangakhudze." Osandicheukira n'komwe.

Ndikadangoimirira. Miyendo ndinali nayo.

Mayina awo akhomedwa pa chitseko: adani a dziko. Osawagula kanthu, osawagulitsa, osawapatsa moni. Chonsecho masamba osadzaza dzanja kawiri.

26 Malichi, Lamulungu

Benchi lawo m'tchalitchi lopanda munthu. Abusa: Farao ndi ana a Israeli, kachitatu mwezi uno. Pakhomo la sitolo ya a Obadiah wina wapaka phula, nthenga pamwamba.

Takumana panjira pobwerera, achemwali atasenza nkhuni okha. Anthu mbali zonse. Ndayang'ana nsapato zanga mpaka atadutsa. Achemwali amene anandilera amayi atamwalira, kundipesa tsitsi mpaka tsiku la ukwati. Manyazi andigwira, chakudya chakanika.

3 Epulo, Lolemba

Achemwali ndi a Obadiah apita m'mawa. Ngolo imodzi, bedi, mipando inayi. Ku Boston, kwa asilikali a Mfumu, amene a Obadiah ankawatukwana chaka chonse chatha. Kwina akadapita kuti? Ndaonerera kuseri kwa katani. Mkate umene ndinawaphikira uli pa tebulo pano.

11 Epulo, Lachiwiri

Kalata kwa achemwali. Ndang'amba. Ina. Yachitatu ndasunga m'thumba la epuloni. Wa ngolo ya nsomba akuti apita ku Boston sabata yamawa, Lachisanu.

20 Epulo, Lachinayi

Belu chiyambire dzulo. Athu ndi asilikali a Mfumu awomberana ku Lexington ndi ku Concord, anthu afa mbali zonse. Amuna a matauni onse akupita kukazinga Boston. Njira yatsekedwa. Wa nsomba sapitanso.

A Eliakim mfuti paphewa, ine kuwamangira mkate ndi nyama yowamba. Pakhomo ndinawagwira mkono. Ndinati tiyi uja ndinamwa nawo, makapu awiri, akauze komiti, dzina langa alikhome pomwepo. Anangomanga chingwe cha thumba. "Ndinadziwa tsiku lomwelo, mayi. Komiti yonse inadziwa. Mkazi wa membala sakhomedwa. Lowani, kukuzizira."

Ndiye achemwali ananamira pachabe. Ndi ine kukhala chete pachabe.

Akuti akazinga tauni, chakudya sichilowanso, mpaka a m'katimo atagonja ndi njala. A m'katimo. Ndimafuna kuwauza a Eliakim kuti akakafika pafupi, mwina pa mlatho, ngati pali wina wodutsa, kalatayi ikafike kwa achemwali. Ikadali m'thumba la epuloni muno.