Chiphaso Chimodzi, Mabenchi Awiri

Lolemba, 3 Juni

Chikalata pageti la msika m'mawa uno. Mtengo wa chiphaso chogulitsira nsomba ukwera katatu kuyambira pa 1 Julayi. Katatu. Ndinawerenga kawiri, kenaka ndinabwereka magalasi a mlonda. Osasintha.

Asodzi nawo chimodzimodzi. Achimwene anaimba foni ali padoko, akuti chiphaso cha boti lawo chafanana mtengo ndi injini yogwirapo kale ntchito. "Mwina nsombazi zayamba kuikira mazira agolide ife osadziwa," anatero. Kuseka tinaseka. Koma zomwe ndinasunga m'chitini n'za mtengo wakale, ndipo mzime wanga akufunika fizi mwezi womwewo.

Malonda bwino. Mabeseni awiri kutha 2 koloko isanakwane.

Lachitatu, 5 Juni

Msonkhano wa ogulitsa nsomba m'shedi. Wapampando ola lathunthu, mfundo imodzi yokha: tikambirana ndi akuluakulu. Kulipiratu pamtengo wakale akana, akuti ziphaso zonse zikutha pa 30.

Chodabwitsa ndi Wailesi, wa benchi yoyandikana ndi yanga. Chaka chachitatu chino osayankhulana, chindilandireni kasitomala wanga wa lesitilanti. Dzinalo ndinam'patsa ndine, msika wonse n'kulitola. Lero duu. Wailesi yatha mabatire. Amangopinda kansalu kopukutira benchi, kukatambasula, kukapindanso. Amalera yekha zidzukulu zitatu.

Sindinamumvere chisoni. Pang'ono chabe.

Loweruka, 8 Juni

Dzulo ku ofesi ya ziphaso. Mzere mpaka pakhonde, fungo la nsomba ponseponse, mawindo onse pululu kupatula limodzi. Kalaliki wa tayi yofiira, chidindo amachigwira ngati dzira. Ndinapempha kulipira pang'onopang'ono. Ayi. Kenaka, maso ali pamapepala, ananditsina khutu: chiphaso n'cha malo ogulitsira, osati cha mutu wa munthu. Mabenchi awiri oyandikana akasanduka imodzi, chiphaso chimodzi basi.

Kumanzere kwanga kuli khoma. Kumanja kuli Wailesi.

Bambo a ana anaseka mpaka anasiya kupalasa makina awo osokera. Akuti ndikayambe ndakambirana ndi khomalo, mwina ndi losavuta.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndayesa. Ndinafotokozera kasitomala nkhani ya mabenchi awiri mokweza, maso ali pasikelo. Mkuluyo anangodzera nsomba ziwiri, anachoka mutu utaima. Patapita kanthawi Wailesi naye akuuza kasitomala wake, mokwezanso, kuti ena ali ndi firiji yaikulu koma amagulitsa ngati ali pamaliro, pomwe ena pakamwa ali napo koma firiji inafa chaka chatha.

Takambirana choncho tsiku lonse, kudzera mwa anthu osalakwa. Mayi wina analandira mfundo zonse za bilu ya magetsi.

Pamaliro! Ine?

Lachisanu, 14 Juni

Wailesi wabwera yekha, makapu awiri a tiyi m'manja. "Asisi, mkwiyo sulipira chiphaso." Mawu oyamba m'zaka zitatu. Shuga anathira wambiri, monga ndimakondera. Akukumbukira.

Tagwirizana. Firiji yanga, mabeseni ake. Iye kuitana anthu, ine mpeni ndi sikelo. Chiphaso theka theka, phindu kugawana Loweruka. Ndinafunsa za mayi wa lesitilanti uja. Akuti anamuthawa nayenso patangotha miyezi iwiri, amagula kwa anyamata a galimoto. Ndiye kuti takhala tikufufumirana masaya chifukwa cha munthu amene sagula kwa aliyense wa ife. Tinaseka mpaka wogulitsa tomato anabwera kudzaona ngati kwagwa zina.

Lachinayi, 20 Juni

Kalipentala wazula matabwa apakati. Benchi yatalika ngati ya m'kalasi. Kuseri kwa matabwawo: mpeni wanga wotayika kalekale, umene mumtima ndinkati anaba ndi iye. Ndaubisa m'chikwama.

Achimwene aphatikizana ndi mlamu wawo, boti limodzi aliika pamtunda. Akuti popeza tizigula mabeseni asanu pakamodzi, mtengo satikwezera kwambiri. Kwambiri. Mawu amenewo ndawasunga.

Wailesi akuitana, anthu akubwera ngati kwagwa zaulere. Ngakhale odutsa opita kogula malasha akubwerera ndi nsomba. Mapazi akupweteka. Mtima mbee.

Lachinayi, 27 Juni

Fomu ya chiphaso ili ndi mzere umodzi wa dzina. Umodzi.

Mwini dzina ndiye mwini malo. Tikadzayambananso, winayo panja, opanda benchi, opanda pepala. Bambo a ana akuti ndisapusitsidwe ndi tiyi. Mwana wanga wamkulu akuti firiji ndi yathu, dzinanso likhale lathu. Zoona. Koma benchi ya Wailesi inali ya malemu amayi ake, anakulira pansi pake.

Masiku awiri tsopano fomu ili pansi pa sikelo. Aliyense akuyesa ngati sakuiona. Yayamba kununkha.

Lolemba, 1 Julayi

Talipira Lachisanu. Dzina langa.

Tili pamzere muja Wailesi anandikoka mkono, akuti ndilembe langa. Ndinakana mwaulemu, kukana kwa pakamwa pokha. Ndiye anandiuza. Maso. Ng'ala, onse awiri. Chaka chathunthu manambala a pasikelo osawaona, ankangoyeza ndi dzanja n'kuwonjezera kansomba kamodzi kuopa kubera munthu. Chikalata cha pageti chija anachita kumuwerengera mdzukulu. Akam'panga opaleshoni mu Seputembala, kuchira kwake milungu ingapo, ndipo safuna pepala likhale m'dzina la munthu wogona m'chipatala. Chopempha chimodzi: mdzukulu wake wamkulu akamaliza sukulu, malo ake adzawapeze.

Zaka zitatu ndili pambali pake, matabwa okha pakati, osaona kanthu. Wa ng'ala ndani pamenepa?

Ndinati tikalembetse zimenezi kwa wapampando, pakhale mboni ziwiri. Talembetsa. Kalaliki anadinda mwamphamvu mpaka tebulo linagwedezeka.

Vuto latsala n'loti mu Seputembala woitana anthu palibe. Wailesi akuti andiphunzitsa, mawu azichokera m'mimba osati pakhosi. Ndayesa lero masana. Ndinakoka mpweya, kutseka maso, n'kukuwa kuti nsomba zaziwisi kuno. Msika wonse zii. Mlonda anathamangira ndi chibonga, akufunsa wakuba walowera kuti.

Tagulitsa mabeseni onse asanu. Aphunzitsi anga akuti mawa tiyamba phunziro lachiwiri, kumwetulira, ndipo akuti limenelo nditenga nalo nthawi chifukwa nkhope yangayi inazolowera za pamaliro.