Manja Onse Awili a Ba Mabvuto

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Lelo ba Mabvuto, amene anandilonjeza ukwati, anandiimbila vidiyo ali ku hotela ya kunyanja ku Zanzibar kumene amagwila nchito. Ndinabisala kuseli kwa thanki ya madzi kuti azakhali amene ndimakhala nawo asamve.

Anandionetsa mlatho wa matabwa wolowa m'nyanja. Anati, "Tisa, apa ndiye poonela dzuwa likamalowa. Alendo amalimbilana malo." Kumeneko kunali kutafiila kale, pomwe kuno ku Chelstone dzuwa linali likadali pamwamba pa mtengo wa mango.

Ndinafunsa motsitsa mawu kuti abale awo adzabweletsa liti mbale zofunsila ukwati. Azakhali ananena kuti zikapanda kufika Khisimasi isanakwane, andibweza kumudzi ku Katete. Ba Mabvuto anangoseka. "Iwe naiwe, ona dzuwa!" Analoza ndi dzanja limodzi, lina litagwila botolo.

Manja onse awili ndinawaona bwinobwino. Nanga foni anawagwilila ndani? Kenako chala chinadutsa pagalasi, chikhadabo chake chopakidwa zofiila.

Sindinafunse. Ndinangoti, "N'kokongola."

Tsopano azakhali adziwa kuti ba Mabvuto anaimba, akundiitana kuti ndiwauze yankho. Ndikawauze chiyani? Za dzuwa, kapena...