Mpanda wa mwana wanga wandibisa kwa anzanga

Aphungu,

Ndine telala wopuma, wa zaka 74. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wopita kumsika, m'katauni komwe ukayetsemula m'mawa, masana anthu akukufunsa za chimfine. Maso atafooka ndinasiya kusoka, koma mpando wa pakhonde sindinausiye. Odutsa ankandipatsa moni, mayi wogulitsa tomato ankandisungitsa dengu, ndipo mnzanga wokonza njinga ankabwera m'mawa uliwonse kudzatsutsana nane za mvula.

Chaka chatha anatibera nkhuku zitatu. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino kumzinda, atamva anatimangira mpanda wautali wa njerwa ndi geti lachitsulo. Ndinathokoza. Koma kuchokera apo ndimangomva mapazi a anthu. Mnzanga uja anagogoda masiku awiri, tsiku lachitatu anati: "Achimwene, ine sindingamagogode kwa inu ngati ndikufuna ganyu." Sanabwerenso. Sabata yatha wa tomato anafunsa mayi a kunyumba ngati ndidakali moyo.

Mwanayo akaimba foni amafunsa kuti, "Bambo, tsopano mukugona bwino?" Ndimati inde. Ndimuuze bwanji zoona osaoneka wosayamika?

B.T., Kuseri kwa Mpanda

Bambo B.T.,

Zobedwazo ndi nkhuku, koma womangidwa ndinu. Wakuba akuyenda momasuka, mwinanso ndiye akulandira moni wanu.

Mwana wanu musamuimbe mlandu. Ife amene tinapita patali ndi sukulu tikamakonda makolo timawagulira chinthu choti tikhoza kuchijambula pafoni. Moni wa pamsewu sajambulika, nchifukwa chake sanauganizire.

Mawa m'mawa nyamulani mpando mukaukhazike kunja kwa geti. Mpanda uli ndi mbali ziwiri, ndipo mthunzi wa kunjako ndi wanunso. Wokonza njinga musamudikire. Iye anagogoda kawiri, ulendo uno ndi wanu. Kupepesa kusakuvuteni, mukangomuuza kuti mawa kugwa mvula. Akatsutsa, dziwani kuti nkhani yatha.

Mwanayo muuzeni zoona. Ndi namwino, amadziwa kuti wodwala wovuta ndi uja amangoti "ndili bwino". Yambani ndi kuthokoza, chifukwa mukugonadi bwino. Kenako muuzeni kuti vuto ndi kudzuka kopanda woti mulankhule naye. Mupemphe zazing'ono: benchi ya simenti kunja kwa mpanda, ndi kuti geti lizikhala lotsegula masana. Akati n'zoopsa, mufotokozereni kuti amene angazindikire msanga kuti bambo ake lero sanatuluke ndi mayi wa tomato, osati njerwa.

Koma chenjerani. Musatenge nyundo n'kuyamba kugumula, m'njerwa zimenezo muli thukuta la mwana wanu. Nkhuku zotsalazo muzizitsekera m'khola musanatsegule geti, kuopa kuti mayi a kunyumba angakubwezereni m'kati pamodzi ndi mpando. Ndipo wa tomato akatulukira, yambani ndinu kupereka moni adakali patali, angataye dengu poganiza kuti waona mzukwa.