Zimene ndawauza akochi za Esinati

Loweruka. Lero ndadzichititsa manyazi ndekha.

Timu ya kusekondale ya mng'ono wanga Esinati imasewera ku Thuchila. Kunabwera akochi a kukoleji ina ya ku Blantyre, kudzasankha atsikana oti akaphunzire kumeneko uku akusewera mpira. Esinati anamwetsa zigoli ziwiri.

Mpira utatha, akochiwo anafuna makolo. Amayi anali kumaliro, ndiye ndinapita ine. Ndinagwada, maso pansi.

Anandifunsa kuti, "Mng'ono wanuyu ndi wolimbikira?"

Kwathu sitiyamikira mwana wathu pamaso pa alendo. Ndinati, "Aa, ameneyu ndi waulesi, mpirawo amangoyeserera."

Ndimayembekeza kuti aseka n'kunditsutsa, monga amachitira anthu. Sanaseke. Analemba m'kope mwawo n'kuitana kholo lina.

Esinati anali atamva zonse. Tinakwera minibasi mpaka pa Nkando. Potsika anati, "Achemwali, ndimatunga madzi kusanache kuti ndikathamange ndisanapite kusukulu. Ulesi wake uti?"



Nambala ya akochi ili pakapepala kamene anagawa. Ndayimba kawiri, koma ndimadula isanalire. Ndikawauza kuti ndinanama, andikhulupirira bwanji tsopano? Mwina mawa tikaweruka kutchalitchi, mawu akabwera…